Mita yathu imawerenga mayunitsi koma siidziwa nthawi

Mita yolipiriratu inasintha kagwiritsidwe ntchito ka magetsi m'makomo mwathu kuposa uthenga uliwonse wa pa wailesi. Munthu akagula mayunitsi pa Airtel Money kapena TNM Mpamba n'kulowetsa manambala 20 aja, amaona yekha mmene akutsikira, ndipo safunikanso womukumbutsa kuzimitsa giza. Masamu ake ndi osavuta: yunitsi imodzi ndi mawati 1,000 ogwiritsidwa ntchito kwa ola lathunthu, choncho hotipuleti ya mawati 2,000 imadya mayunitsi awiri pa ola, pamene babu la LED la mawati 10 limayaka maola 100 ndi yunitsi imodzi yokha.

Maganizo anga ndi akuti mita imeneyi yafika pamapeto a zimene ingatithandize, chifukwa imangodziwa kuchuluka kwa magetsi amene tagwiritsa ntchito, osati nthawi imene tawagwiritsira ntchito. Komatu nthawiyo ndiyo mutu wa nkhani. Magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo tinaona kuchepa kwake pamene namondwe wa Ana anaononga Kapichira mu Januwale 2022 n'kutichotsera mamegawati pafupifupi 130. Malo opangira magetsi a dzuwa ku Salima, amene anayamba ntchito mu 2021 ndi mamegawati 60, amatithandiza masana, koma dzuwa likamalowa amasiya, pa nthawi yomweyo imene makomo onse akuphika, kuyatsa nyali ndi kuonera kanema. Apa ndi pamene majenereta a dizilo amayatsidwa kapena madera ena amazimitsiridwa magetsi. Yunitsi ya masana ndi ya madzulo sizipangidwa pa mtengo wofanana, chikhalirecho banja limazigula pa mtengo umodzi.

Mita yamakono imalemba kagwiritsidwe ntchito ka magetsi mphindi 15 kapena 30 zilizonse n'kutumiza yokha ku kampani kudzera pa netiweki. Si chinthu chachilendo, poti kampani ya Enel inayamba kuika mamita otere ku Italy mu 2001 ndipo inafikira makasitomala pafupifupi 30 miliyoni. Ndi mita yotere, ESCOM ndi bungwe loona za mitengo ya magetsi la MERA angathe kutsitsa mtengo wa yunitsi masana ndi pakati pa usiku, kuti wosita, wotenthetsa madzi, wachigayo ndi wowotcherera zitsulo asunthe ntchito zawo mwa kufuna kwawo.

Ndanena kutsitsa mwadala. Ngati njira imeneyi ingadzatanthauze kukweza mtengo wa madzulo, ine sindingaivomereze, chifukwa nsima ya chakudya chamadzulo singaphikidwe m'mawa, ndipo mayi amene waona kuti mayunitsi akuthamanga amangobwerera pa mbaula. Pamenepo magetsi tidzakhala tapulumutsa, koma makala ake adzachokera m'nkhalango zomwe zimasunga madzi a Shire yemweyo.

Palinso funso la amene adzaone manambala olembedwa ndi mita yamakonoyo. Kampani iliyonse imakonda mamita amakono chifukwa amaulula msanga olumikiza magetsi mwachinyengo, ndipo zimenezo n'zoyenera, koma kugwira akuba sikuphunzitsa banja kusamala magetsi. Mwini nyumba ayenera kulandira uthenga womuuza kuti dzulo anadya mayunitsi angati ndiponso ola limene anatha kwambiri, ndipo uthengawo ubwere pa SMS m'Chichewa, popeza si aliyense ali ndi foni ya intaneti.

Mamita amenewa amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene zikusowa kale, kotero sindikuona nzeru yoyambira m'nyumba za mababu atatu ndi wailesi. Ayambe kuikidwa pa mathiransifoma, kuti kampani idziwe pamene magetsi akutayikira, kenako m'zigayo, m'malo ogona alendo, m'maofesi a boma ndi m'nyumba zokhala ndi magiza, kumene kusuntha ntchito ndi maola awiri kungachepetse magetsi ofunika madzulo.