Inu a ku Joni, lekani kubisa makalata a banki pansi pa matiresi

Ana anga, ndakhala ndikungoonerera, koma lero ndiyankhula. Pali khalidwe lina lafala pakati pa inu amene mwatenga galimoto pa ngongole ku South Africa. Mukalephera kulipira miyezi iwiri, foni ya banki simuyankha, kasilipi ka ku positi mumakang'amba, mukasamuka nyumba simuuza aliyense. Mukuganiza kuti kalata imene simunawerenge siikukhudzani? Mwana wa mlongo wanga anachita zomwezo. Makalata atatu anawapeza mkazi wake pansi pa matiresi galimoto itapita kale.

Ndikudziwa chimene chikukupusitsani. Mumamva pa WhatsApp kuti ku America anthu amakhululukidwa ngongole za galimoto, ndiye mukuti nafenso tidikire. Nkhaniyo ilipodi. Kumeneko lamulo limafuna kuti wobwereketsa akalanda galimoto alembere mwini wake kalata yomveka bwino asanaigulitse, yonena m'mene aigulitsire ndi zimene munthuyo angachite kuti aiwombole. Kalatayo ikakhala yopereŵera, maloya amasonkhanitsa onse amene analandira kalata yofananayo n'kusuma mlandu umodzi wa gulu, umene amautcha class action. Makampani ambiri amasankha kukambirana kunja kwa khoti: amapereka kandalama, amafafaniza ngongole yotsala, n'kupempha kuti dzina la munthu lichotsedwe pa mndandanda wa osabweza ngongole. Mu 2020 kampani yopereka ngongole za galimoto ya Santander Consumer USA inagwirizana ndi akuluakulu a zamalamulo 34 a m'zigawo za dzikolo pa thandizo la madola pafupifupi 550 miliyoni, ndipo gawo lalikulu linali kukhululukira ngongole. Umenewo sunali mlandu wa gulu, anasuma ndi a boma, koma ndi umene umatchuka.

Tsono taonani pamene pagona nkhani. Milandu yotereyi imayima pa pepala. Loya amafuna kalata yeniyeniyo, tsiku lake, mawu ake. Ndipo cheke cha chipukutamisozi chimatumizidwa ku adiresi imene kampani ili nayo. Iwe wosamuka usiku, chikakupeza kuti?

Bwerani kumene mukukhalako. Lamulo la ngongole la ku South Africa, National Credit Act la 2005, silinakutayeni ayi. Banki siingakukokereni kukhoti isanakutumizireni kalata ya section 129, gawo la lamuloli lonena za kalata yokudziwitsani kuti mwaphonya kulipira. Muyenera kukhala mutaphonya kwa masiku 20 ogwira ntchito, ndipo papite masiku 10 ogwira ntchito chiperekereni kalatayo. Masiku khumi amenewo ndi anu. Mungathe kupita kwa mlangizi wa ngongole wovomerezeka, mungathe kukambirana kabwezedwe kena, mungathe kulipira zimene munatsalira nazo m'mbuyo. Khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linanena mu 2016, pa mlandu wa Nkata ndi FirstRand Bank, kuti munthu akalipira zotsalirazo pamodzi ndi zolipiritsa zovomerezeka katundu asanagulitsidwe, pangano la ngongole limadzukanso, ngakhale sanamalize ngongole yonse.

Khoti lomwelo mu 2012, pa mlandu wa Sebola ndi Standard Bank, linaikira kumbuyo banja limene kalata yawo inasochera ku positi ofesi ina. Oweruza anati kungoponya kalata sikokwanira, banki ionetse kuti inafika ku positi ofesi yoyenera. Achinyamata ena atamva zimenezi anaomba m'manja, amvekere basi, bola osakatenga kalata. Safunsa anadya phula.

Patangopita zaka ziwiri, mu 2014, kunabwera mlandu wa Kubyana, nawonso ndi Standard Bank, ndipo uwu unali wa galimoto. Banki inatumiza kalata ya rejisitala mu 2010 ku adiresi imene mwini ngongole anasankha yekha. Inafika ku positi ofesi ya Pretoria North. A positi anatumiza chidziwitso kawiri kuti akatenge. Sanapite, kalata inabwerera kwa eni ake, ndipo m'khoti sanafotokoze chimene chinamulepheretsa. Oweruza anati banki inachita mbali yake, munthu wozemba kalata mwadala sangabisale kuseri kwa lamulo. Mlandu unamugwera. Werenganinso ndime imeneyi, inu ong'amba tisilipi.

China chimene chimandipweteka mtima ndi ichi. Anyamata awiri otumidwa ndi banki akabwera pakhomo ndi mapepala, mumapereka makiyi n'kusayina osawerenga, kuopa manyazi kwa aneba. Popanda chigamulo cha khoti ndi sherifu, mthenga wa khoti wolanda katundu, palibe woyenera kukulandani galimoto mokakamiza. Pepala mukusayinalo kawirikawiri ndi la section 127, lonena kuti mwaipereka mwa kufuna kwanu. Ngakhale pamenepo banki iyenera kukulemberani mtengo umene ikuyerekeza kuti galimotoyo igulitsidwa. Kalata imeneyonso simutsegula! Kenako galimoto ipita pa okushoni pa mtengo wozizira, ndipo ngongole yotsala ikhala pamutu panu. Galimoto mulibe, koma mukulipirabe.

Musandiyese woikira kumbuyo mabanki. Ndawaona zochita zawo. Kunali nyumba za anthu zogulitsidwa pa R100, mpaka mu 2017 malamulo a makhoti anasinthidwa kuti woweruza azitha kuika mtengo woyambira. Bungwe la Lungelo Lethu Human Rights Foundation linasumira mabanki akuluakulu mlandu wa gulu wa R60 biliyoni pa nkhani ya nyumba zomwezi. Koma amene anapita ku bungwelo ananyamula mafayilo, masamoni, malisiti.

Mwana wa mlongo wanga uja ndinamutengera kwa loya. Funso loyamba linali lakuti envelopu ili kuti, ndione chidindo cha tsiku. Anali atayatsira mbaula.