CHENJEZO kwa anyamata olemba mapulogalamu kuno ku Kasungu

Inu anyamata amene mukulembera makalabu a alimi ndi ma shopu mapulogalamu, tamverani kuno, chizolowezi chomangoti "kwanga ikuyenda bhobho" chitheretu. Kwanu kutiko? Laputopu yanuyo purosesa yake ndi ya Intel kapena AMD, x86-64, pomwe kafoni ka mlembi wa kalabu ku Chulu kapena ku Santhe ndi ka purosesa ya mtundu wina, ARM, mwinanso ka 32-bit poti mafoni otchipa ambiri a Android Go akadali choncho. Simunayeseko n'komwe koma ndalama mwalandira kale, manyazi mulibe?

Nkhani ya long, mtundu wosungira nambala m'chilankhulo cha C, ndi imene imandiwawa kwambiri. Pa Linux ya 64-bit long ndi mabayiti 8, pa ARM ya 32-bit ndi 4 basi ndipo imathera pa 2,147,483,647, ndiye inu ndi nzeru zanuzo mwasankha kuwerengera ndalama m'matambala, apo ndiye kuti ikangodutsa K21 miliyoni ndi kakanu nambala imatembenuka kukhala negetivi, kalabu yagulitsa soya ndi mtedza chaka chonse foni n'kumaonetsa ngongole, msungichuma wosalakwa anthu n'kumuyesa mbava pa msonkhano. M'malo mwa long lembani int64_t, yomwe ndi mabayiti 8 paliponse, sizilira ndalama. Nayonso char, mtundu wosungira chilembo, kompaila ya GCC pa x86 imaitenga kuti ndi signed (imalola negetivi) koma pa ARM ndi unsigned (siilola negetivi), mukaifananiza ndi -1 lupu siitha mpaka batire kutha.

Ena mumakopera -march=native pa intaneti osadziwa kuti imauza kompaila kumangira pulogalamu purosesa ya makina anu omwewo, kenako kompyuta yakale ya mu ofesi ikalemba "Illegal instruction" mukuti ndi vairasi. Safunsa adadya phula ana inu. Ma warning a kompaila nawonso mumangowadumpha, ena mpaka kuwazimitsa dala ati akusokosa.

QEMU, pulogalamu yoyerekezera purosesa ya mtundu wina pa kompyuta yanu, ndi yaulere, Fabrice Bellard anaiyamba mu 2003, ngakhale emuleta ya Android Studio yamangidwa pa yomweyo. Ikani cross-compiler ya ARM (kompaila yomangira ARM muli pa laputopu yanu), yendetsani ma test anu pa qemu-arm, yesani ndi GCC ndi Clang yomwe. Imachedwa inde, nanga mukuthamangira kuti? Komanso musanamizike, emuleta ija mukaika image ya x86 ndiye kuti ARM simunaikhudze. Ndipo QEMU siikuonetsani kuchepa kwa RAM kapena mavuto ena a ma thread, ndiye pulogalamu yanu ikadutsa apo kabwerekeni foni yeniyeni ya mlembi uja, mulowetsemo K30 miliyoni muone chimene ilembe musanapereke ntchito.