Mphindi 30 za nkhomaliro: amadula pa malipiro, koma kudya ayi

Abale anga amene mukuyendetsa mavani operekera maphukusi kuno ku UK, pali mphindi 30 zimene ambiri amakuchotserani tsiku lililonse m'dzina la nkhomaliro, chonsecho sangweji munadyera pa maloboti, dzanja lina lili pa chiwongolero. Zimenezi zatikwana, ndipo chonyansa kwambiri n'chakuti lamulo lenilenilo linamusiya pamtetete munthu wa vani.

Taonani mmene zilili ku England, Scotland ndi Wales. Wolongedza katundu mu depoti akagwira maola opitirira 6, lamulo la Working Time Regulations la 1998 limamupatsa mphindi 20 zopuma mosadukiza, pakati pa ntchito, osati poweruka. Wa lole yoposa matani 3.5 ali ndi tachograph, kamakina kolemba maola ake: akayendetsa maola 4 ndi theka ayenera kuima mphindi 45, kapena kugawa 15 kenako 30, ndipo a DVSA, bungwe la boma loyendera magalimoto ndi madalaivala, akamupeza atalumpha amamulipiritsa mpaka £300 pamsewu pomwepo. Nanga wa vani yaing'ono? Iye malire ake ndi akuti asayendetse maola oposa 10, asakhale pa ntchito maola oposa 11 pa tsiku. Za kupuma, lamulo limangoti apume mokwanira. Mphindi zingati, silinena. Kukwanirako amayeza ndani? Bwana yemweyo amene wakulongedzera maphukusi mpaka kudenga.

Ndiye mphindi 30 zija si za boma ayi, ndi za kontrakiti kapena malamulo a kampani. Apa ndi pamene pali msampha. Njira ya tsiku amaikonza pa kompyuta ngati kuti khomo lililonse mwini wake wakudikira panja. Kompyuta sidziwa za mafulati opanda zikepe, geti lofuna nambala, galu, msewu wotsekedwa, kapena kuti December kunja kumada 4 koloko isanakwane, manambala a nyumba osaonekanso. Ukaima n'kudya ngati munthu, maphukusi a nthawi yoikika achedwa, mawa dzina lako lili pansi pa mndandanda, kapitawo akufuna kulankhula nawe. Ukapanda kudina batani la kupuma pa foni, walakwira malamulo a kampani, chenjezo lolemba. Choncho anthu amadina kuti akupuma, uku akuthamanga ndi makatoni, n'kudzawalemba pa foni kuti aperekedwa mphindizo zikatha. Pa pepala kampani ndi yoyera mbee: dalaivala anapuma. Tsiku lochita ngozi mkati mwa mphindi zimenezo, amene ananama ndi iwe.

Tiwerengetse. Theka la ola kwa masiku 5 ndi maola 2 ndi theka. Pa malipiro otsikitsitsa a boma a mu April 2025, £12.21 pa ola kwa a zaka 21 kupita m'tsogolo, ndi ndalama yoposa £30 pa sabata yogwira ulele. Pa mwezi ndi £120 ndi kanthu, imene kumudzi ikanagula feteleza. Ndipo ngati umalandira malipiro otsikitsitsawo, nthawi imene unagwira koma osalipidwa imakugwetsa pansi pa mlingo wa lamulo, nkhani imene a HMRC, bungwe la boma la misonkho, amaifufuza munthu akadandaula.

Kudyera pa chiwongolero nakonso si kwaulere. Palibe lamulo loletsa kutafuna, koma wapolisi akaona vani ikupepeluka angakulembe za kuyendetsa mosasamala, £100 ndi mapoyinti 3 a chilango pa laisensi. Foni m'manja ndi £200 ndi mapoyinti 6. Amene wakhoza mayeso a kuno zaka 2 zisanathe, mapoyinti 6 amulanditsa laisensi, kuyambiranso mayeso. Ife a laisensi ya ku Malawi izi zimatikhudza kwambiri, chifukwa yathu imagwira miyezi 12 yokha ndipo sisinthidwa ngati ya ku Zimbabwe kapena South Africa, ndiye ambirife ndife "atsopano" ngakhale tinayamba kuyendetsa kalekale.

Za chimbudzi n'zochititsa manyazi kunena, koma mabotolo aja m'mavani tonse timawadziwa. Anthu asiya kumwa madzi kuti asaime. Dziwani kuti a HSE, bungwe la boma loona za chitetezo ndi umoyo pa ntchito, amanena poyera kuti malo a bizinesi amene mukutulako kapena kunyamulako katundu ayenera kukulolani kulowa m'chimbudzi chawo ndi kusamba m'manja. Pemphani mosaopa.

Akakuitanani ku mlandu wa pa ntchito, musapite chimanjamanja, ndipo chizolowezi chathu chija chongoti "pepani bwana" musanamve n'komwe mlandu chisiyeni pakhomo. Ndondomeko ya ACAS, bungwe lolangiza ndi kuyanjanitsa pa mikangano ya pa ntchito, imati akulembereni chimene mwalakwa, akupatseni umboni ndi nthawi yokonzeka. Muli ndi ufulu wopita ndi mnzanu wa pa ntchito kapena woimira bungwe la ogwira ntchito, monga Unite kapena GMB, ndipo ngati iye sapezeka tsikulo mungapemphe kuti asunthe mpaka masiku 5 a ntchito. Chigamulo chibwere cholemba, apilo ilipo. Koma chimene chimapulumutsa munthu ndi kabuku: nthawi yofika pa depoti, yotuluka, makomo angati, munaima pati ndi mphindi zingati, mwabweza vani nthawi yanji. Jambulani njira ya tsiku m'mawa uliwonse pa foni yanuyanu, chifukwa akakutsekerani ya kampani zonse zapita. Kapitawo akanena pakamwa kuti "ingodinani mupitirize", mutumizireni meseji yofunsa ngati mwamva bwino. Ambiri sayankha, koma mesejiyo yatsala. Zokapita ku bwalo la milandu ya ntchito zimayambira ku ACAS, n'zaulere, ndipo malire a nthawi yodandaulira mu 2025 anali miyezi 3 kuchotsa tsiku limodzi, ndiye si zoti tidzaona.

Oipitsitsa ndi aja amakulembani kuti ndinu odzilemba nokha ntchito. Yunifolomu ndi yawo, njira ndi yawo, nthawi ndi yawo, koma akatopa nanu palibe mlandu, palibe kalata: amangosiya kukupatsani njira, foni ili zii. Khothi lalikulu la dziko lino mu February 2021, pa mlandu wa madalaivala a kampani ya matakisi ya Uber, linagamula kuti chofunika ndi mmene ntchito ikuyendera, osati dzina limene lalembedwa pa kontrakiti, ndiye musangovomera kuti mulibe ufulu chifukwa pepala latero. Koma yambani mwaona viza yanu. Ya ophunzira siilola kudzilemba wekha ntchito ngakhale ola limodzi, ndipo mabwana ena amadziwa bwino zimenezi pokulembani: amafuna munthu woti mawa sangatsegule pakamwa.