Ukonde wa NCAA ukugwira usipa, chambo chikudutsa

Amene muli ndi mwana kapena m'bale amene anapita ku America pa sikolashipu ya masewera, kaya ndi mpira wa miyendo, basiketibolo kapena kuthamanga, mufunseni ngati mufoni mwake muli app yobetchera. Ngati ilimo, aichotse lero lomwe.

Bungwe loyendetsa masewera a m'makoleji kumeneko, la NCAA, limaletsa wosewera, kochi ndi aliyense wogwira ntchito ku dipatimenti ya masewera kubetcha pa mtundu uliwonse wa masewera umene bungwelo lili ndi mpikisano wake. Mumvetse bwino apa, chifukwa ambiri amapunthwa pomwepa: sakunena magemu a pakoleji okha ayi. Popeza NCAA ili ndi chikho cha mpira wa miyendo, tikiti ya Arsenal ndi Chelsea ndi mlandu. Ligi ya basiketibolo ya NBA, ya mpira wachimereka ya NFL, tenisi, gofu, zonsezi nzoletsedwa, ngakhale wobetchayo akhale wothamanga amene sanamenyepo mpira chibadwire. Ngakhale kusonkherana madola asanuasanu pahositelo n'kumalosera amene atenge chikho cha basiketibolo ya m'makoleji chotchedwa March Madness, iwo amati ndi juga basi. Waikapo kanthu ndipo ukuyembekezera kupatapo kanthu, nkhani yatha.

Zilango zake zinakonzedwanso mu 2023. Wogulitsa gemu, wobetcha pa timu yake, kapena wopereka dala nkhani zam'kati kwa anthu obetcha, akhoza kuletsedwa mpaka kalekale. Wobetcha pa timu ina ya pasukulu pake pomwepo amakhala panja sizoni yathunthu. Wobetcha pa masewera amene iye amasewera koma a koleji ina akhoza kutaya theka la sizoni. Zina zonse, monga za Arsenal zija, amaonera ndalama: madola 200 kutsika m'munsi ndi maphunziro chabe, 201 mpaka 500 ndi 10 peresenti ya sizoni, 501 mpaka 800 ndi 20 peresenti, kupitirira 800 ndi 30 peresenti, ndipo zikachulukitsa amawonjezera.

Msampha uli pa kawerengedwe. Sawerenga zimene waluza kapena zimene unaika muakaunti, amaphatikiza matikiti onse. Mnyamata waika madola 50, wawina pang'ono, wabetchanso, waluza, wawinanso, ndalama yomweyo ikungozungulira. Matikiti 45 a madola 20 akwana 900. Iye akuganiza kuti wangoseweretsa ya soda, pamene pa buku lawo wafika pa 30 peresenti. Kwa wa mpira wachimereka, amene sizoni yake imakhala ya magemu 12, amenewo ndi magemu pafupifupi 4 ali pabenchi. Ndipo wosewera wa pakoleji amapatsidwa masizoni anayi okha.

Kubisala nako nkovuta. Ma app amenewa amafuna dzina lenileni ndipo amaona pamene foni ili nthawi imene tikiti ikudulidwa. Mu 2023 ku University of Iowa ndi Iowa State osewera oposa 40 anafufuzidwa. Ku Iowa munthu amabetcha akakwanitsa zaka 21, ndiye ena ankagwiritsa ntchito maakaunti a makolo kapena abale awo. Akaunti ya mayi, koma tikiti ikudulidwira pasukulu. Zinathera kukhoti. Milandu ina inathetsedwa mu 2024 chifukwa cha mmene apolisi anapezera umboni wa pamene mafoni anali, koma magemu amene anawo anaphonya anapita basi.

Maganizo anga ndi awa. Kuletsa wosewera kubetcha pa gemu yake nkoyenera, palibe chokambirana. Koma mphamvu zambiri zikuthera pa kuwerenga timatikiti ta ana, pamene chimene chikuwononga masewerawa chikugulitsidwa poyera m'zigawo zambiri za dzikolo: kubetcha pa wosewera mmodzi payekha, zimene amazitcha ma prop bet.

Taonani kusiyana kwake. Kale, munthu akafuna kugula gemu ya basiketibolo ankayenera kunyengerera osewera awiri kapena atatu odalirika. Tinene kuti makampani a juga ati timu yamphamvu iwina ndi mapointi oposa 8. Ogulidwawo amaphonya dala apa ndi apo, timu n'kuwina ndi 5, masapota n'kumavina, koma amene anabetcha mbali inayo watola ndalama. Zoterezi zinachitika ku City College of New York mu 1951, ku Boston College chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ku Arizona State mu 1994. Zinkafuna gulu, ndipo pagulu chinsinsi sichikhalitsa.

Lero sizifunanso gulu. App yalemba kuti uje agoletsa mapointi opitirira kapena ochepera 12.5. Ujeyo angouza mnzake kuti ika pa ochepera, kenako aphonye kawiri katatu, kapena anene kuti bondo lamugwira n'kutuluka hafu isanathe. Timu ikhoza kuwinabe. Kochi angamuganizire chiyani mwana amene wangokhala ndi tsiku loipa? Mu Sepitembala 2025 NCAA inaletsa mpaka kalekale osewera atatu a basiketibolo a ku Fresno State ndi San Jose State pa nkhani ya mtundu womwewu. Palinso mbali ina yowawa: amene waluza tikiti chifukwa mwana wa zaka 19 waphonya amamulondola pa Instagram n'kumamutukwana, ena mpaka kumuopseza. Pulezidenti wa NCAA, Charlie Baker, anapempha mu Malichi 2024 kuti ma prop bet a osewera a m'makoleji aletsedwe. Ohio, Maryland, Vermont ndi Louisiana anachitadi chaka chomwecho. Kwina akugulitsabe, chifukwa chichokereni mu Meyi 2018, pamene Khoti Lalikulu la dzikolo linagwetsa lamulo la 1992 loletsa kubetcha pa masewera, chigawo chilichonse chimadzipangira chake.

Chakumapeto kwa 2025 NCAA inayesa kufewetsa, kuti osewera azibetcha pa magemu a akatswiri olipidwa. Mu Novembala sukulu za Division I, gulu lapamwamba la NCAA, zinavota n'kulibweza lisanayambe n'komwe kugwira ntchito. Ine ndikuti zinachita bwino, osati chifukwa tikiti ya Arsenal ingasinthe zigoli za pakoleji, koma chifukwa cha ngongole. Wosewera amene wamira mu ngongole za juga ndi amene amayankha foni ya munthu wofuna kugula mapointi.

Ndipo musaganize kuti zimagwetsa ana okha. Mu Epulo 2023 kochi wa baseball ku University of Alabama, Brad Bohannon, anatumizira mnzake uthenga woti woponya mpira wawo wodalirika sasewera pa gemu yawo ndi timu ya koleji ya LSU. Mnzakeyo anathamangira pamalo obetchera ku Cincinnati kuti aike madola 100,000 pa gemu imene anthu sabetchapo zochuluka choncho. Ogwira ntchito anadabwa nthawi yomweyo. Kochi ntchito inatha, ndipo NCAA inamupatsa chilango cha zaka 15.

Zonsezi chifukwa cha uthenga wa pafoni. Choncho inu a kumudzi kuno, amene mumadula matikiti Loweruka lililonse, musamamufunse mwana wanu wa ku America uja pa WhatsApp kuti "kodi mnzako uja bondo lapola, asewera mawa?" Akakuyankhani akudziwa kuti mumabetcha, wapereka nkhani zam'kati, ndipo chilango chake ndi cha m'gulu loyamba lija, loletsedwa mpaka kalekale.