Apa pa kudziwa mwadumphapo china chake

A mlembi, pamene mwanena kuti kudziwa ndi kukhulupirira chinthu choona uli ndi chifukwa chomveka, tanthauzo limenelo linagwedezeka kalekale. Mu 1963 mkulu wina wa za filosofi wa ku America dzina lake Edmund Gettier analemba kapepala ka masamba atatu okha kusonyeza kuti zonse zitatuzo, chinthu choona, kuchikhulupirira ndi chifukwa chomveka, ukhoza kukhala nazo koma osadziwa kanthu, wangochita mwayi basi.

Ine zinandichitikira nthawi ya vuto la mafuta ija. Alamu anga ananditumizira meseji pa WhatsApp kuti thanki yafika pa filling station ina kuno ku Lilongwe, ndi chithunzi chomwe, ndiye poti iwo sanandinamizepo ndinaliza kagalimoto kanga kukaima pamzere, dzuwa lili phwee, ndipo petulo ndinamupezadi. Madzulo ake tikucheza mpomwe tinazindikira kuti meseji ija inali ya sabata yatha anthu amangopatsirana m'magulupu, thanki ndinaipezayo inali ina yongofika m'mawa womwewo ife tonse osadziwa. Ndiye tandiuzani, ndimadziwa kuti kuli mafuta kapena ndinangogwerapo? Zinali zoona, ndimakhulupirira, chifukwa ndinali nacho. Koma ine ndikuti sindimadziwa ayi.

Inu amene mwalemba pamwambapa kuti filosofi ndi macheza a anthu okhuta, pajatu kukhoti woweruza amafunsa mboni kuti munaona nokha kapena munangomva, funso lake ndi lomweli. Alamu angawo mpaka lero amati anandithandiza, ine ndimangowasiya.