Ndani adzafunse makinawa akalakwitsa?

A mlembi, mwanena kuti maiko athu athamangire kaye AI (makina apakompyuta omwe amaphunzira n'kupanga ziganizo ngati munthu), malamulo abwere pambuyo. Ine pamenepo ndakana.

Ndimakhala ku Mbare kuno ku Harare. Agogo anga anachokera ku Dedza kudzagwira ntchito kale kwambiri, ndipo amayi anga, obadwira konkuno, anayenda zaka zambiri ndi chitupa cholembedwa kuti ndi mlendo. Mpaka lamulo lalikulu la dziko la 2013 ndi pomwe anthu ngati ife, ana a makolo ochokera m'maiko a SADC, tinazindikiridwa bwino kuti ndife nzika. Tsono makina akamaphunzira kuchokera m'mabuku akale a boma omwewo, adzationa ngati ndani? Kalaliki ukhoza kumudandaulira, nthawi zina amamva chisoni. Kompyuta ikakukana, ukagogoda khomo liti?

Mu 2018 boma la Zimbabwe linagwirizana ndi kampani ya ku China, CloudWalk, pa makina ozindikira nkhope. Nkhope zake ndi zathuzi, za amayi ogulitsa tomato ku Mbare Musika, koma palibe anatifunsa. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu linadzabwera mu 2021, ndipo woyang'anira wake ndi POTRAZ, bungwe la boma lomwelo loyang'anira za mtengatenga wa makalata ndi matelefoni. Zimenezi zimandidetsa nkhawa kwambiri, makamaka nthawi ya chisankho.

African Union inavomereza ndondomeko yake ya AI mu 2024, chabwino. Koma ndikufuna ndione aphungu akukambirana poyera, komanso khoti lomwe mayi wa ku Mufakose kuno ku Harare angapiteko makina akamuchotsa pa mndandanda wa ovota.