Mvuu si ng'ombe ya m'khola mwanu

Loweruka lapitali ndinali padoko kumtunda kwa mlatho wa Bakili Muluzi ku Mangochi, kudikira asodzi kuti ndiguleko chambo. Zomwe ndinaona, mpaka lero mtima sunakhale pansi. Boti la injini, lodzaza anyamata ndi atsikana otchena, likulondola mvuu yomwe inali ndi kamwana m'mbali mwa bango. Wina waimirira kutsogolo, foni m'mwamba, mvuuyo waifulatira, ati atuluke nayo pachithunzi. Mnzake ali kalikiliki kumenya boti ndi botolo la mowa kuti ivuuke. Wovala jekete yoyandamitsa panalibe ndi mmodzi yemwe. Mvuu itayasamula, onse kuwomba m'manja, ena nthungululu. Mumayesa ikukusekererani?

Alendowo ndiwasiye kaye, mwina mvuu anangoionera pa TV. Koma iwe woyendetsa boti, mwana wa konkuno, wakulira pa Shire, maliro a asodzi a ku Malombe wayenda angati? Akupatsa zingati zoti ulowetse ana a eni pakati pa mvuu ndi mwana wake? Ikakugubuduzani, ng'ona zidikira kuti mumalize kuika zithunzi pa Facebook? Makolo awo ukawauza chiyani?

Mdzukulu wanga amene ali ku Joni anandiuza za tauni ya Hermanus ku South Africa, komwe anthu amakaonera anangumi akabwera m'mbali mwa nyanja miyezi ya June mpaka November. Kumeneko lamulo ndi lakuti uzitalikirana ndi nangumi mamita osachepera 300 ngati ulibe chilolezo, ndipo ambiri amangoonera ali kumtunda, pamatanthwe. Nangumi wakeyo sadya munthu, koma amamupatsa ulemu wotere. Ife chilombo chathu chimathyola bwato ngati bango louma, ndiye n'kumachisewera nacho ngati mwana wa mbuzi.

Ku Cape Maclear nako ndi zomwezo. Malo amene boma linawateteza mu 1980, a UNESCO n'kuwaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 1984, inu alendo ndiye mwawasandutsa dzala. Mabotolo kuponya m'madzi momwe muli mbuna, akatumbu a ku Otter Point kuwathamangitsa ndi injini, wailesi kukweza mpaka nkhwazi kuthawa mumtengo. Kwanu mumatero?

Zimitsani injini, muonere patali. Tatopa nako kukasaka mitembo yanu m'bango.